Tsiku Limene Anaukitsa Kamtsekera

Ku Area 25 kunalibe munthu amene sankadziwa kuti Kamtsekera ndi Bambo Gwanda. Amayi a pa mpopi ankadziwa, ogulitsa makala ankadziwa, ngakhale makondakitala a minibasi za ku Kanengo ankadziwa. Wokana anali mmodzi yekha, Bambo Gwanda eni akewo.

Kamtsekera anali munthu wa m'sewero lotchedwa Mzinda wa Mphepo Zinayi, lomwe linkamveka Lamulungu lililonse 3 koloko masana pa wailesi ina yaing'ono ya m'tauni. M'seweromo munali mfumukazi yokwera pamsana pa chiwombankhanga, ankhondo a mikondo ya mphenzi, ndi chinjoka chomwa mitsinje mpaka kuphwa. Kamtsekera sanali m'gulu la akuluakulu amenewa. Anali mlonda chabe wa pa chipata cha mzindawo, wotsimphina mwendo wamanzere, ndipo pa gawo lililonse ankalankhula kamodzi basi. Wina akagogoda, iye ankayamba watsokomola, kenako n'kufunsa kuti, "Mwabwera ndi mtendere kapena ndi nkhani?"

Tsono Bambo Gwanda anali mlonda wa pa geti ya nyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo. Ankatsimphina mwendo wamanzere. Ndipo funso limenelo linali lawolawo, lomwe anakhala akufunsa madalaivala a malole kwa zaka makumi awiri.

Wolemba seweroli anali Levison, mnyamata wa ku Mgona wosachoka kope m'manja. Jemima, mwana yekhayo wa Bambo Gwanda, anakumana naye pa geti yomweyo tsiku lina atapititsa chakudya kwa bambo ake. Anyamata ena onse odikira ganyu ankakankhana pafupi ndi waya, koma uyu anakhala pa mwala n'kumalemba ngati kuti ali yekha pa dziko. Jemima anamuyang'ana kamodzi, mtima wake n'kudziwiratu zimene mutu unadzadziwa patapita miyezi itatu. Tsopano zaka ziwiri zinali zitatha, ndipo Loweruka likubweralo ankhoswe a kwa Levison amayenera kubwera kudzaonekera.

Masiku asanu ndi limodzi okha. Jemima ankawawerenga ngati mwana wodikira Khirisimasi.

"Mabatire aja wagula?" anafunsa Bambo Gwanda atakhala pa khonde, jekete ya ku tchalitchi akadali chivalire.

"Si paja mumati seweroli ndi la ana, Ababa?"

"Ndikufuna nkhani za 4 koloko ine."

"Ndiye tiitsegule 4 koloko, tisunge mabatire."

"Iwe Jemima, wailesi imafuna kutenthetsa kaye. Tatsegula."

Jemima anaseka chamumtima n'kutsegula. Chiyambire imfa ya amayi ake zaka zisanu zapitazo, nthawi yokhayo imene ankaona bambo ake akumwetulira osadziwa kuti akumwetulira inali pamene Kamtsekera watsokomola m'wailesi.

Ng'oma zoyambira sewero zinalira. Ankhondo a chinjoka anali atazinga mzinda. Kunamveka mapazi ambirimbiri, kenako mawu a wofotokoza nkhani:

"Atafika pa chipata anapeza mlonda, anamubaya ndi mkondo, nadutsa."

Basi. Panalibe kutsokomola, panalibe funso. Nthawi yomweyo mfumukazi inayamba kulankhula kwa ankhondo ake, mawu ataliatali onena za moto ndi ulemerero.

Bambo Gwanda anasendeza mpando kufupi ndi wailesi. Anamvetsera mpaka ng'oma zotsekera zitalira.

"Wafa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mwina wangovulala, Ababa."

"Amubaya. Amulumpha. Palibe ngakhale mmodzi wapita kukauza anthu a kwawo."

Anatseka wailesi ija ndi dzanja lawo, nalowa m'nyumba. Nkhani za 4 koloko sanazimvere.

* * *

M'mawa mwake pa mpopi, Jemima asanatule n'komwe ndowa, mayi wina anaomba m'manja mwachipongwe.

"Pepanitu ndi zovuta za dzulo. Mwambo wa maliro uli liti, tibwere ndi nkhuni?"

Ena anaseka. Koma mayi wina wachikulire amene ankatsuka chidebe chake pambali sanaseke.

"Musamaseke zinthu zoterezi," anatero. "Munthu wamoyo saikidwa m'manda ndi pakamwa. Kumeneko n'kulaula. Mwanangawe, mkamwini wanuyo mumuuze."

Jemima anasenza madzi ake n'kumapita. Anadziuza kuti ndi nkhani za pa mpopi, zimauma pamodzi ndi matope.

Lachiwiri masana anzawo a kuntchito anabwera nawo Bambo Gwanda atawagwirira mbali zonse ziwiri. Anali atagwa pa geti, chizungulire chitawagwira. Ku chipatala anati BP yakwera kwambiri, apume sabata yathunthu. Dzuwa la Okutobala linali likuotcha ngati ng'anjo, ndipo aliyense woganiza bwino akanati ndi kutentha. Koma pofika madzulo nkhani inali itazungulira kale mzere wonse wa nyumba: amupha Lamulungu, wagwa Lachiwiri.

Lachitatu kunafika Mayi Leah kuchokera ku Kawale. Anali mng'ono wawo wa malemu amayi a Jemima, mayi wamtali wolankhula kamodzi. Anazonda alamu awo m'chipinda, kenako anamukokera Jemima kuseri kwa nyumba.

"Mnyamata wako uja ndiye analemba zimenezi?"

"Ndi sewero chabe, Mayi."

"Sewero? Anatenga mwendo wa bambo ako, anatenga chifuwa chawo, anatenga mawu awo. Zonsezo tinangoyang'ana, tinkati ndi chibwana. Lero watenga moyo wawo, iwe ukuti sewero?"

"Adokotala anena kuti ndi BP."

"BP imabwera yokha? Ine sindikuti mnyamatayo ndi mfiti. Ndikuti alibe mwambo. Munthu woti Loweruka atumiza ankhoswe, Lamulungu n'kupha apongozi ake dziko lonse likumva! Ndawaimbira kale amalume ako a Jeremiah ku Dedza. Ati Loweruka sabwera. Kulibe zokambirana."

Amalume a Jeremiah ndiwo anali mwinimbumba. Popanda iwo panalibe woti n'kulandira ankhoswe, ngakhale bambo ake atafuna chotani.

"Mpaka liti, Mayi?"

"Mpaka tione ngati munthu angabweze malovu amene walavula."

* * *

Jemima anakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Levison anali ataflasha kasanu chiyambire Lolemba, kenako anatumiza uthenga: "Jemi, ndamva za mdala. Pepa. Bwanji sukundiyankha?"

Iye analemba, nafufuta, nalembanso. Pomaliza anatumiza mawu ochepa: "Mawa 2 koloko pa msika wa Nsungwi. Usachedwe."

Tsiku lotsatira anamupeza Levison atayima pansi pa mtengo kuseri kwa msika, kope lili m'khwapa, nsapato zitayera ndi fumbi. Atamuona, mkwiyo wake unayamba kusungunuka, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

"Ali bwanji?" anafunsa Levison.

"Ndani? Amene unawapha aja?"

"Jemi, usatero."

"Loweruka kulibe ankhoswe, Levi. Amalume akana."

"Chifukwa cha sewero? Koma ine sindinaganize n'komwe za mdala polemba zija. Adani amayenera kulowa mumzinda. Angalowe bwanji mlonda ali chilili pa chipata? Nkhani ndi imene inafuna choncho."

"Sunaganize n'komwe."

"Ndikutanthauza kuti Kamtsekera ndi munthu wamng'ono m'nkhanimu. Nthawi imene amatipatsa ndi yochepa, ndiye tinati tichepetse anthu ang'onoang'ono kuti..."

"Tinati? Iwe ndi ndani?"

Yankho linabwera lokha, likuyenda pa nsapato zazitali, ambulera ili pamutu. Anali Agatha, mtsikana wa ku Area 47 amene ankasewera ngati mfumukazi. Jemima anali atamuonapo kawiri, ndipo kawiri konseko dzanja la Agatha linali pa phewa la Levison.

"Alembi athu! Ndakusakanitu ponseponse, tsamba langa la Loweruka lili kuti?" Kenako anatembenuka ngati wangomuona kumene Jemima. "Aa, asisi, muli pompano? Pepanitu, ndamva kuti kwanu kwagwa zovuta. Koma inunso, anthu akulira munthu wa m'wailesi? Ndiye tikadzapha chinjoka mudzagona pa maliro masiku angati?"

"Agatha, tapita kaye," anatero Levison.

"Ndikupita. Koma Levi, ndinakuuza ine. Wolemba amafunika mkazi womvetsa kuti nkhani ndi nkhani." Anamwetulira, nazungulitsa ambulera yake, n'kumapita.

Jemima anadikira mpaka atalowa mumsika.

"Ndiye ndi uyu anakuuza kuti uchepetse bambo anga kuti iye achuluke."

"Anangopereka maganizo. Wolemba ndine. Cholakwa n'changa."

"Wamng'ono," anatero Jemima. "Wati ndi wamng'ono. Ukuwadziwa iwe munthu amene uja? Ukudziwa chimene geti ija inawadyera?"

Apa m'pamene Jemima anayenera kukhala chete. Koma mtima unali utadzaza, ndipo ankafunitsitsa kuti mnyamata ameneyu, yekhayu pa anthu onse, awaone bambo ake mmene iye ankawaonera.

"Tsiku limene amayi ankamwalira ku chipatala, uthenga unawapeza Ababa pa geti 10 koloko m'mawa. Anawauza kuti fulumirani, akukuitanani. Koma mnzawo wowalandira ntchito anali asanabwere, bwana kunalibe, makiyi a nyumba yonse ija ali m'thumba mwawo. Anati ndidikire pang'ono, sindingasiye geti ya eni ake pululu. Anadikira mpaka 1 koloko. Pofika ku chipatala anapeza atawaphimba kale nsalu." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Achibale anawauza kuti minibasi inafera panjira. Zoona zake anandiuza ine ndekha, chaka chatha, akulira ngati mwana. Mpaka lero sadzikhululukira. Ndiye iwe ukuti anamubaya, nadutsa."

Levison anali atagwetsa nkhope. Atadzutsa mutu, maso ake anali ofiira.

"Sindimadziwa, Jemi."

"Tsopano wadziwa. Umuukitse."

"Chiyani?"

"Kamtsekera. M'dziko lakolo anthu amakwera ziwombankhanga, ndiye mlonda mmodzi angakanike kudzuka? Mayi Leah ati akufuna aone ngati ungabweze malovu. Uwabweze Lamulungu lomwe lino."

"Tikujambula Loweruka m'mawa. Ndiye kuti ndilembe gawo lonse mwatsopano. Bwanji tidikire sabata ziwiri, ndiganize bwinobwino njira yake? Kapena ndibwere ndekha kudzapepesa kaye..."

"Sabata ziwiri! Pofika nthawi imeneyo amalume adzakhala atandipezera mphunzitsi wa ku Linthipe. Lamulungu lino, Levi. Ngati umandikonda."

Levison anamugwira dzanja, pamaso pa ogulitsa tomato onse.

"Ndidzamudzutsa," anatero. "Ndipo sadzakhalanso wamng'ono. Dziko lonse lidzadziwa kuti Kamtsekera ndi ndani."

Jemima anabwerera kunyumba mtima uli m'malo koyamba sabata imeneyo. Mawu omaliza aja anamveka okoma kwambiri m'makutu mwake moti sanaime kuti awaganizire.

* * *

Loweruka lija, limene likanakhala la ankhoswe, linadutsa mwakachetechete. Bambo Gwanda anali atayamba kutuluka panja, kumakhala pa mthunzi wa mpapaya. Za sewero sanatchulepo, za Levison sanafunsepo. Madzulo foni ya Jemima inalira, unali uthenga wa Levison.

"Zatheka. Onse mu situdiyo analira, ngakhale Agatha. Mawa mdala amvere."

Jemima anawerenga uthengawo katatu. Anaona kale m'maganizo mwake bambo ake akuseka, Mayi Leah akupukusa mutu mogonja, amalume akukwera basi ya ku Lilongwe. Anadziona atavala chitenje chofanana ndi malaya a Levison, amayi a pa mpopi akululutira mpaka mawu kusasa. Chitsulo amasula chikadali chamoto, anaganiza choncho, ndipo zala zake zinathamanga pa foni:

"Sewero likangotha ubwere kuno ndi amalume ako a Clifford. Mudzapepese mitima ikadali yofewa. Mayi Leah adzakhalapo."

"Osawadziwitsa kaye? Si mwambo umenewo, Jemi."

"Ingobwera. Ndikuwadziwa anthu anga."

* * *

Lamulungu atabwera ku tchalitchi, Mayi Leah anayamba kulongedza kachikwama kawo kuti abwerere ku Kawale.

"Dikirani pang'ono, Mayi," anatero Jemima. "Pali zoti mumve 3 koloko."

Anatulutsa wailesi n'kuiika pa mpando pakhonde. Bambo ake anaiyang'ana ngati galu amene anawalumapo.

"Chotsa chimenecho."

"Ababa, chonde. Kamodzi kokha. Mukapanda kukondwa, sindidzaitsegulanso."

Koma sanachokepo. Kuseri kwa mpanda wa udzu, mawailesi a anthu oyandikana nawo anali atatsegulidwa kale. Sabata imeneyo ngakhale amene sankalitsatira seweroli anafuna kumva.

Ng'oma zinalira. Kunamveka mphepo, kenako wofotokoza nkhani:

"Patatha masiku atatu, mtembo wa mlonda unali chigonere pa chipata. Ndipo mphepo zinayi zinakumana pamenepo, zinamuuzira m'mphuno. Chala chinagwedezeka. Mwendo wotsimphina uja unapindika. Kamtsekera anadzuka!"

Kunamveka kutsokomola kuja. Jemima anawomba m'manja, nayang'ana bambo ake. Pakamwa pawo panayamba kugwedezeka ngati pakufuna kumwetulira.

"Koma sanadzuke monga analili kale," anapitiriza wofotokoza uja. "Tsopano sankamvanso njala kapena ludzu. Sankagona, sankatopa, mkondo sunkamulowa. Manda anamukana, kwawo sanabwerereko. Anaima pa chipata cha mfumukazi usana ndi usiku, kutumikira mpaka muyaya."

Kuseri kwa mpanda mayi wina anakuwa.

"Mayo ine! Amusandutsa ndondocha!"

Wina anaseka, wina anamukalipira kuti akhale chete. Ndondocha: munthu amene mfiti yamupha n'kumudzutsa kuti aziigwirira ntchito, wosadya, wosalankhula, wosabwerera kwawo. Levison ankaganiza za ngwazi yosagonjetseka. Koma aliyense wokulira kuno akamva za wakufa wodzuka kudzalondera chuma cha wina, dzina lake ndi limodzi lokha. Iye mwini akanaliona tsambalo akanadziwa pa mzere woyamba. Koma sanapemphe kuliona. Anangoti fulumira.

Mayi Leah anali atagwira pakamwa. "Yesu wanga. Kupha sikunamukwanire?"

Jemima anatambasula dzanja kuti atseke, koma bambo ake analigwira.

"Isiye," anatero. "Timve zonse."

Tsopano inali mfumukazi ikulankhula, mawu a Agatha, osalala ngati mafuta.

"Ankhondo anga, mukudabwa kuti imfa yalephera bwanji kumuchotsa pa chipata? Ine sindikudabwa. Mverani za munthu uyu. Tsiku lina mthenga anabwera akuthamanga, nati, Kamtsekera, mkazi wako akutsirizika, akuitana dzina lako. Koma womulandira ntchito anali asanafike, ndipo makiyi a mzinda anali m'manja mwake. Anaima pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pofika kwawo anapeza atamuphimba kale nsalu. Achibale anawauza kuti ngolo inathyoka panjira, pakuti ndani akanamvetsa? Koma ine ndikumvetsa. Amene sanasiye chipata chifukwa cha mkazi wake, angachisiye chifukwa cha imfa?"

M'wailesi ankhondo anafuula mokondwera, malipenga analira, ng'oma zinagunda mwaulemu. Levison anali atapereka kwa Kamtsekera ulemerero wonse umene anali nawo m'cholembera chake.

Ngakhale kuseri kwa mpanda kunalibe wotsokomola.

Mayi Leah anaimirira pang'onopang'ono. Kachikwama kaja kanagwa pansi.

"Alamu," anatero. "Minibasi ija inafera pati?"

Bambo Gwanda anayang'ana manja awo.

"Ndikufunsa, alamu. Munati inafera pa Area 18. Munati munayenda wapansi ndi mwendo wanuwo. Tinakumverani chisoni. Ine ndemwe ndinakuthirirani madzi osamba m'mapazi."

"Mayi, ndi sewero chabe," anatero Jemima.

"Khala chete iwe! Ine ndinali pamenepo. Ndinawagwira dzanja akulu anga kuyambira m'mawa. Chitseko chikangotseguka ankadzutsa mutu, ati abwera? Ine ndinkati ali m'njira, Nangozo, limbani mtima, ali m'njira. Kanayi konse anafunsa. Kachisanu analibenso mawu, anangoyang'ana kuchitseko." Mawu awo anasweka. "Alamu, ndiyankheni pamaso pa Mulungu. Munali m'njira?"

"Ndinali pa geti," anatero Bambo Gwanda.

Mayi Leah anakhala pansi pa simenti, nalira kulira kwa pa maliro, kumene anali atakusunga zaka zisanu osadziwa kuti akukusunga. Jemima anafuna kuwagwira koma anamukankha. Atatha anapukuta nkhope ndi mpango, ndipo polankhulanso mawu awo anali ouma.

"Makiyi a eni ake. Chabwino. Mwana wathu mmodzi munamusinthanitsa ndi makiyi, uyu yekha ndiye simumusunga. Jemima ndi mbumba ya a Jeremiah. Mawa m'mawa ndikupita naye ku Dedza, akakhale kwa eni ake. Za mnyamata wolemba zonyansayo, dzina lake lisadzamvekenso. Iwe, kalongedze."

"Ababa!" Jemima anagwada pafupi ndi mpando wawo. "Ababa, nenanipo kanthu. Sankafuna kukunyozani, ndikulumbira. Ankafuna kukulemekezani. Ndine ndinamuuza kuti amudzutse, ndimafuna mukondwe..."

Bambo ake anamuyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo Jemima analakalaka ukanakhalamo.

"Za ndondocha ndilibe nazo kanthu, mwanangu. Anthu aseka, adzatopa. Mwinanso mnyamatayo sananame, pakuti chiyambire tsiku lija ine ndimangoima pa geti paja osadziwa ngati ndili moyo." Anapuma movutikira. "Koma nkhani imene ija ndinauza munthu mmodzi pa dziko lapansi. Mmodzi. Abusa sindinawauze. Ndinati mwana wanga wakula, andithandize kusenza."

"Ndinkafuna akudziweni, Ababa. Anati ndinu wamng'ono."

"Ndinali wamng'ono, inde. Zinkandikwanira."

Anagwira khoma, naimirira movutikira. Anatembenukira kwa Mayi Leah.

"Mutengeni, alamu. Mwanena zoona, ndi wanu. Ine ndilibe pakamwa pokanira."

Jemima anamva ngati nthaka yatseguka. Ku Dedza, kumudzi kwa amalume, kumene foni imagwira munthu akakwera pa chulu. Kusiya bambo ake okha ndi BP yawo, m'nyumba imene aliyense wodutsa adzaloza chala. Ndipo amene anawavula pamaso pa anthu sanali Agatha, sanalinso Levison yekha.

Foni inanjenjemera m'thumba la siketi yake. Sanafune kuiona, koma dzanja linapita lokha.

"Amva? Akondwa eti? Tatsika minibasi, tili pa kona. Amalume avala suti."

Anadzutsa mutu. Kudzera pa mpata wa mpanda anaona anthu awiri akubwera mumsewu wafumbi, wamkulu patsogolo atanyamula chipewa m'manja mwaulemu, Levison pambuyo pake, nkhope ikuwala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. M'makomo monse anthu anali atatuluka, ataima chete, akuwayang'ana akudutsa.

"Ndani amenewo?" anafunsa Mayi Leah.

Jemima anayesa kulemba kuti bwererani, koma zilembo zinkasokonekera.

"Ndikufunsa iwe. Ndani wawaitana anthu amenewo pakhomo pano, lero?"

"Ndine, Mayi."

Bambo Gwanda, amene anali atafika kale pa chitseko cha nyumba, anaima. Sanatembenuke.

"Odi kuno!" anatero mawu a amalume a Clifford kunja kwa mpanda, okoma, odzaza chiyembekezo. "Odi, eni nyumba!"

Mayi Leah anapinda manja pachifuwa, maso ali pa Jemima.

"Wawaitana ndiwe," anatero. "Pita ukawauze wekha kuti mawa ukupita kuti."